Makyubu Atatu a Dailesi

Zikomo a tcheyamani. Chonde musandiombere m'manja. Yambani mwamva zimene ndinachita, mwina manjawo mufuna kuwagwiritsa ntchito ina.

Dzina langa ndine Sakala, kwathu ndi konkuno ku Katete, mbali ya ku Mkaika. Ena mwa inu mumandidziwa kuti ndine mphunzitsi wa za konkiliti pa yunivesite. Ena mumandidziwa kuti ndine bambo uja ankakhala pa bala ya kuseri kwa msika dzuwa lili pamutu. Nonse simunalakwe. M'holo muno ndikuona aphunzitsi anzanga a uinjiniya, ndikuona oyang'anira malabu, ndikuonanso makontrakita. Mwasonkhana kuti mukambirane momwe makampani angathandizire masukulu athu, popeza ndalama za boma zikungocheperachepera. Nkhaniyo ndi yabwino, sindikuitsutsa. Koma ndapempha mpata kuti ndikuuzeni momwe thandizo lomwelo linandigwetsera, ndi mwana wa eni amene ndinagwa naye.

Kwa amene si a ntchito yathu, ndifotokoze pang'ono. Pomanga ulalo, pa konkiliti imene mukuthira mumatapako pang'ono n'kuika m'zikombole zachitsulo. Ikauma imatuluka ngati njerwa yofanana mbali zonse, ife timati kyubu. Makyubuwo amagona m'madzi milungu inayi, kenako timawapanikiza pa makina mpaka ataphwanyika. Pamene muvi wa makinawo waima, ndiye mphamvu ya konkiliti ya ulalo wonse. Kyubu ikanama, ulalo wanama.

Makina athu a pa labu anafa. Anayamba ndi kutaya oyilo, kenako muvi unangogona osadzukanso. Ndinalemba makalata mpaka dzanja kuwawa, yankho linali limodzimodzi: ndalama sizinabwere, tione chaka chamawa. Ndinayamba kujambula makinawo pa bolodi ndi choko, n'kumauza ana kuti apa kyubu ikulira, apa yang'ambika. Makalasi awiri athunthu anatuluka osamvapo kyubu ikuphwanyika. Zinkandiwawa kwambiri. Mkulu wa dipatimenti yathu anatiitana n'kutiuza kuti boma latopa, aliyense asake kampani yoti itigwire dzanja.

Ndiye kunabwera kontrakita wina, tiwatchule kuti a Mwale. Munthu wansangala, wodziwa kupereka moni. Anakonzetsa makina m'milungu iwiri, anagula zikombole zatsopano, analonjeza kutenga ophunzira athu kuti azikaphunzira ntchito pa malo amene akumanga. Chimene anapempha chinali chimodzi chabe: makyubu a ntchito zawo aziyezedwa pa labu yathu. Tsiku limene makina analiranso ndinatsala pang'ono kugwetsa misozi pamaso pa ana.

Kutsetsereka sikunachedwe. Tikatha kuyeza, a Mwale ankati tiyeni tikadye. Pa chakudya pankabwera botolo limodzi. Kenako mabotolo anayamba kubwera opanda chakudya. Ine mowa ndinkamwa kale, koma wa pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Apa ndinafika poti ola la chakudya chamasana likakwana, mutu unkangokhala pa botolo. Tsiku lina anandipempha kusintha deti pa pepala, ndinasintha. Tsiku lina kyubu imodzi mwa zitatu inafooka, anati imeneyo inagwa pa galimoto, musailembe, sindinailembe. Nthawi zonse ndinkadziuza kuti ndikuchitira ana, kuti labu isafenso. Bodza limenelo ndinkalikhulupirira bwino ndikakhala nditamwa.

Tsopano ndikuuzeni za Dailesi. Anali wophunzira wanga wa chaka chomaliza, mwana wa mlimi wa ku Sinda. Wosalankhulalankhula, koma akafunsa funso umachita kukanda mutu. A Mwale anapeza ntchito yomanga ulalo waung'ono ku Vubwi, pa mtsinje umene umadula midzi ingapo ku chipatala ndi ku msika mvula ikagwa. Ndinatumiza Dailesi kumeneko ndi dzanja langa. Ntchito yake inali kutapa konkiliti, kuumba makyubu, ndi kusaina pepala lonena kuti makyubu awa ndatapa ndine, pa ulalo uwu, tsiku lakuti. Pepala limenelo silitayika. Ulalo ukagwa, ofufuza amayamba kusaka dzina limene lili pamenepo, ndipo mwini dzinalo za uinjiniya aiwale.

Milungu inayi itakwana, galimoto ya a Mwale inabweretsa makyubu ku labu. Dailesi anali atabwera pa basi kudzaonerera kuyeza. Anaweramira m'bokosi, anatembenuza kyubu imodzi, anatembenuza yachiwiri, n'kuimirira.

"Aphunzitsi, aya si anga."

Ndinati, "Ukutanthauza chiyani?"

"Anga ndinalemba na msomali akali osauma, chilembo cha dzina langa na deti. Aya alembedwa na penti. Onaninso mtundu wake. Ku Vubwi tisewenzetsa mchenga wa mumtsinje, wofiirira. Aya ni otuwa."

Sindinafunike kuyang'ana kawiri. Makyubu amenewo anaumbidwa kuseri kwa yadi ya kampani, ndi simenti yambiri, kuti adzakhoze mayeso. Ndinadziwa pomwepo. A Mwale anali ataima pakhomo akusewera ndi makiyi a galimoto.

"A injiniya, manje vuto ni chani?" anatero. "Mwana uyu afuna kutiphunzitsa nchito? Nanga mashini iyi anaikonza ni ndani?"

Dailesi sanawayang'ane, anayang'ana ine. Anati, "Aphunzitsi, kuja athira simenti yochepa. Thumba limodzi alisakaniza na mawilibala ambiri a mchenga. Ndinauza kapitawo, anandiseka."

Abale anga, apa ndiye pansi penipeni pamene ndinafika. Si mowa ayi, mowa unali njira yopitira. Ndinatenga pepala, ndinatenga bolopeni, n'kuika patsogolo pa mwana uja. Ndinati, "Dailesi, uli m'chaka chomaliza. Anzako onse akudalira kampani iyi. Ukufuna labu itsekedwe chifukwa cha msomali wako? Saina." Bolopeniyo sanaigwire. Ndinabwereza mokweza, mpweya wanga ukununkha mowa. Anasaina. Bolopeni inang'amba pepala pang'ono pothera dzina lake. Makyubu abodzawo anakhoza bwino kwambiri, ndipo ine ndinadinda chidindo cha labu pansi pake.

Patapita milungu iwiri masiku ake a ku Vubwi anatha, koma Dailesi sanabwerere m'kalasi. Ndinkaona mpando wake uli wopanda munthu, n'kumaphunzitsa nditayang'ana mbali ina. Kumwa kunawirikiza. Inali nyengo yotentha, ija mitengo imayamba kuphuka mvula isanagwe, ndipo mtambo uliwonse umene ndinkauona chakum'mawa unkandiopsa. Ndinkadziwa kuti mvula ikayandikira, malole odzaza feteleza ayamba kuwoloka pa ulalo uja.

Loweruka lina ndinabwera kuno kunyumba. Masana ndinali pa bala ija ya kuseri kwa msika. Kunalowa bambo wina wachikulire, wowonda, atavala nsapato za matayala, atanyamula thumba la feteleza lolemera paphewa. Sanali munthu wa m'bala, zinkaonekeratu. Anavula chipewa n'kufunsa mwini bala ngati a Sakala aphunzitsi ali muno. Anandiloza. Bamboyo anatula thumba lake pansi pang'onopang'ono, anagwada theka, n'kuomba m'manja.

"Pepani aphunzitsi pokusokonezani pa mpumulo wanu. Ndine Phiri, atate wake wa Dailesi. Ndachokera ku Sinda. Kunyumba kwanu amayi andiuza kuti ndikupezani kuno."

Botolo ndinalikankhira kumbuyo kwa chigongono ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Anati, "Choyamba ndithokoze pomuphunzitsa mwana wanga. Pa mtundu wathu wonse palibe anafikapo pamene wafika iyeyu. Koma wabwera kunyumba sakudya, sakugona. Wandilanda mgolo wanga wa madzi, waikamo miyala iyi, tsiku lonse amangokhala pambali pake. Ndikamufunsa akuti atate simungamve. Dzulo ndiye wandiuza kuti kusukulu kuli makina oyezera miyala imeneyi. Ine sindinaphunzire, aphunzitsi. Ndangoti ndibwere nayo kwa inu amene mudziwa, muiyeze, mwina mtima wa mwana ungakhale pansi."

Anamasula thumba. Munali makyubu atatu ofiirira, okutidwa ndi chiguduli chonyowa. Pamwamba pa iliyonse panali chilembo cha dzina lake ndi deti, zolembedwa ndi msomali. Pambuyo pake ndinamva kuti atasaina pepala lija, Dailesi anabwerera ku Vubwi kukamaliza masiku ake, n'kupeza makyubu ake enieniwo atatayidwa kuseri kwa shedi ya simenti. Anawanyamula pa njinga yamoto ndi pa lole mpaka ku Sinda.

Mwanayo sanawauze atate ake kuti ndine ndinamukakamiza. Bambo uja ankandiyang'ana ndi ulemu wonse, chipewa chili m'manja. Akanandimenya khofi zikanandipepukira. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinati, "Lolemba m'mawa mubwere naye. Tikwera basi imodzi."

Lamlungu lonse sindinamwe, osati chifukwa cha kulapa, koma mantha. Mutu unkangosaka pothawira. Ndinkati ndinena kuti makina awonongeka. Ndinkati ndinena kuti makyubu anakhala padzuwa masiku ambiri, choncho kuyeza kwake kulibe ntchito. Chomalizachi chinali ndi kachoonadi pang'ono, ndipo ndinachigwira zolimba.

Lolemba tinakwera minibasi tonse atatu. Dailesi anakhala pawindo, sanandipatse moni. Thumba linali pa miyendo ya atate ake njira yonse, anakana kuliika kumbuyo. Titafika ku labu ndinatseka chitseko. Kyubu yoyamba ndinalephera kuikhazika pakati. Dailesi anandisuntha, anaikhazika yekha, anapukuta mchenga pa chitsulo. Ndinayatsa makina.

Amene munayezapo mukudziwa momwe konkiliti yabwino imachitira. Imalimbana, muvi umakwera, umakwerabe, ndiye imaphulika ndi mkokomo woti umadzidzimuka ngakhale unazolowera. Iyi sinalimbane. Muvi unakwera pang'ono, unanjenjemera, n'kuima usanafike ngakhale theka la pamene unayenera kufika. Kyubu inangofumbutuka ngati dothi la pa chulu. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inafooka kuposa zinzake. Dzuwa likhoza kufooketsa kyubu, inde, koma osati chotere. Pothawira panga panatha.

A Phiri anatola kachidutswa, anakafinya ndi zala, kanasanduka mchenga. Anafunsa, "Ndiye kuti yakhoza kapena yalephera?"

Ndinati, "Yalephera, bambo."

"Ndiye kuti mwana wanga walephera?"

Dailesi anali atayang'ana pansi. Ndinaona kuti ngakhale apa sanena kanthu, asenza yekha. Ndinkadziwa kuti mawu amene nditulutse andichotsa ntchito, atseka labu, achotsa ana onse pa malo a kampani. Ndinati, "Iyayi bambo. Mwana wanu anachita ntchito yake bwino. Anandiuza kuti makyubu asinthidwa, ine ndinamukakamiza kusaina bodza. Ulalo umene uli ku Vubwi sungapirire lole yodzaza, ndipo ukagwa, dzina limene lili pa pepala ndi lake. Amene ndalephera ndine."

Bambo uja anavala chipewa chake, m'nyumba momwemo, pamaso panga. Anati, "Ndinakugwadirani pa bala paja."

Tsiku lomwelo ndinalemba kalata yofafaniza zotsatira zija. Ndinalembamo zonse, ndi mawu oti wophunzira anakana ndipo ine ndinamuumiriza. Imodzi ndinapereka kwa mkulu wa dipatimenti, ina ndinatumiza kwa injiniya amene ankayang'anira ntchitoyo m'malo mwa eni ulalo. Mkulu wa dipatimenti atawerenga anagwira mutu. Anati, "Sakala, ukudziwa kuti watipha?" Madzulo asanafike foni inalira.

"A injiniya, mwapenga?" anali a Mwale. "Bwezani kalata ija. Ngati simubweza, ana banu bonse nibachotsa mawa, na mashini nizachosamo vonse vamene ninaikamo. Muganiza muzankala bwino imwe? Nizakamba vonse, mowa, madeti, vonse."

Ndinati, "Kambani. Ndalemba kale." Ndinanena zimenezo ndili ndi mantha, musaganize kuti ndinali ngwazi.

Lachinayi tinapita ku Vubwi ndi injiniya uja. Kumwamba kunali kutada kale mbali ya ku Mozambique. Anaboola chipilala cha ulalo n'kutulutsa chidutswa, chinatuluka chikugumuka. Analamula kuti atseke njira ndi migolo ndi mitengo, ngolo ndi malole zisadutse. Anthu a m'midzi anasonkhana. Mayi wina wapakati anandiloza chala n'kunena kuti, "Mwatipatsa ulalo, mwatilandanso. Mvula ikagwa ine ndikachirira kuti? Inu ophunzira muli na nkhanza." Lole ya feteleza inafika tili pomwepo, dalaivala anatukwana, anabwerera.

Zotsatira zake zinabwera monga ndinkayembekezera. Yunivesite inandiimitsa ntchito. Kampani inachotsa ophunzira onse. Dzina la Dailesi linayeretsedwa chifukwa cha kalata ija, koma miyezi imene anagwira ku Vubwi inafafanizidwa, popeza mapepala ake anali abodza. Anamuuza kuti abwereze chaka.

Kubwerera kwanga sikunali kwa tsiku limodzi. Choyamba ndinauza mkazi wanga zonse, osasiyako. Anakhala masiku atatu osandilankhula, tsiku lachinayi anandiperekeza yekha ku chipatala kukaonana ndi a uphungu a za mowa. Ndinagwa kawiri m'miyezi yoyamba, sindibisa. Chimene chinandithandiza ndi chinthu chaching'ono: ola langa loipa linali masana, choncho ndinasaka pokhala masana pamene palibe botolo. Ndinapita kwa a Yusufu, Msilamu amene ali ndi shopu ya zomangira kuno ku Katete ndi yadi youmba mabuloko. Ndinawauza kuti ndine chidakwa chimene chimadziwa konkiliti. Anaseka, anati, "Chidakwacho muchisiye pa geti, wa konkilitiyo alowe." Ndinagwira kumeneko kupitirira chaka, kuyeza mchenga ndi kusakaniza simenti pamodzi ndi anyamata a fosholo. Iwo akapita kukaswali ku mzikiti masana, ine ndinkatsala kuyang'anira shopu, ndipo ola lija linkadutsa.

Ndi a Yusufu amene ananditsegula maso pa nkhani ya thandizo. Tsiku lina ndikudandaula za labu, anati, "Vuto lanu munali na kasitomala mmodzi. Ine shopu ino ikanakhala na kasitomala mmodzi, bwenzi mwini shopu ali iyeyo." Yunivesite itandilola kubwerera, pa udindo wotsika, monga wothandizira m'labu, ndinapita ndi nzeru imeneyo. Tinayenda khomo ndi khomo: oumba mabuloko, okumba zitsime, eni mashopu a zomangira, makontrakita ang'onoang'ono a ku Sinda ndi kuno. Wina amagula oyilo wa makina, wina amatenga ophunzira awiri, wina amabweretsa simenti yophunzitsira. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo nthawi zina zimasowabe. Koma palibe mmodzi amene angaime pakhomo n'kundifunsa kuti makina anakonza ndani.

Tinasinthanso kayezedwe. Makyubu akafika, munthu wina amawapatsa manambala, woyeza sadziwa kuti ndi a kampani iti. Wophunzira amene waumba makyubu amayenda nawo yekha mpaka ku labu. Ndipo wophunzira akati sindisaina, nkhani imapita kwa aphunzitsi atatu, osati kwa mmodzi amene angakhale atadya za eni. Chakudya cha kontrakita ine sindidya, ngakhale fanta. Makontrakita muli muno musakhumudwe, ambiri mwa inu ndinu anthu oongoka, ndipo popanda inu malabu athu afa. Tithandizeni ndithu. Koma inu aphunzitsi anzanga, ngati alipo muno amene wasinthapo kale deti imodzi, ndikukupemphani, imani pomwepo. Pa deti mumasaina nokha. Kutsogoloko mudzafuna dzanja la mwana.

Ulalo uja anaugwetsa n'kuumanganso. Dailesi anabwereza chaka chake, anakhoza bwino. Pa tsiku lolandira madigiri ine ndinaima kumbuyo kwa tenti, sindinkafuna kuti andione. Anandiona. Anabwera atavala gauni yake, amayi ake ali pambuyo. Ndinayang'ana uku ndi uku kusaka a Phiri, ndinkafuna kuwagwadira monga anandigwadira ine.

Dailesi anati, "Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata ija. Dzina langa ni loyera."

Ndinati, "Nanga atate ali kuti?"

Anati, "Anamwalira mwezi wa Febuluwale. Chaka chatha anali atasoketsa kale jekete yoti adzavale lero. Tinawaika nayo."

Sanalire, sanandinyoze. Anagwira amayi ake dzanja n'kupita kukajambulitsa awiri.

Mowa ndinasiya, ntchito ndinaipezanso, labu ikuyenda. Koma chaka chimene ndinamubera mwana uja ndi chimene atate ake anali nacho chotsala, ndipo ndilibe poti ndingachitenge kuti ndimubwezere. Ndathokoza pondimvera.